Makina Akati Sunafike, Koma Iwe Unafika

Pali masewera ena amene kwathu kuno sitiwadziwa kwenikweni, dzina lake orienteering. Ndi mpikisano wothamanga, koma si wa pabwalo ayi. Amakupatsa mapu ndi kampasi, n'kukulozera tchire. Pamapupo pamakhala malo angapo olembedwa manambala, ndipo ntchito yako ndi kuwapeza onse motsatana, msanga kuposa anzako. Njira umasankha wekha. Kaya udutsa padambo, kaya uzungulira phiri, zili ndi iwe. Masewerawa anayambira kwa asilikali a ku Sweden ndi Norway chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, bungwe lake la padziko lonse linakhazikitsidwa mu 1961, ndipo kufupi ndi ife kuno kuli makalabu ake ku Cape Town ndi ku Johannesburg.

Tangoganizani atawabweretsa ku Kaning'ina, kapena m'mapaini a ku Chikangawa m'mawa wa chifunga mu Julayi. Othamanga sanyamukira pamodzi, amanyamuka mmodzimmodzi, motalikirana ndi mphindi. Ukangolowa m'nkhalango palibenso amene akukuona. Ndiye ukatulukira uko uli wefuwefu n'kunena kuti malo onse ndafika, ife tikukhulupirire bwanji?

Kale pamalo aliwonse ankapachikapo kachida kooneka ngati sitepula, kokhala ndi tisingano. Ukafika unkabowola nako kakhadi kako, ndipo malo aliwonse anali ndi kabowoledwe kakekake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 ntchitoyi inapita kwa makina. Makampani odziwika pa zimenezi ndi SPORTident ya ku Germany ndi Emit ya ku Norway. Mwa njira ya SPORTident, wothamanga amavala kachipangizo kuchala. Pamalo aliwonse pamakhala kabokosi ka batire. Ukalowetsa kachipangizoko m'kabokosi, kamalira komanso kuthwanima, ndipo nambala ya malowo ndi nthawi zimalembedwa m'kachipangizo kako. Pomaliza kompyuta imawerenga zonse n'kutulutsa kapepala kosonyeza kuti unafika pati, nthawi yanji. Palibe kukangana, palibe zoti ndine mwana wa uje.

Koma makinawa ali ndi polekezera pake, makamaka pa mipikisano ya makalabu ang'onoang'ono, kumene zida n'zakale ndipo oyendetsa zinthu ndi ongodzipereka. Batire imatha kabokosi kali pakati pa tchire. Kabokosi kalikonse kali ndi wotchi yakeyake, ndipo mukapanda kuzilinganiza mpikisano usanayambe, mawotchiwo amasemphana, mwakuti nthawi ya munthu imatha kutalika kapena kufupika iye osadziwa. Tizipangizo tina takale timasunga nthawi za malo 30 okha. Mwana woweta mbuzi atha kusuntha kabokosi, kapena kupita nako kwawo. Ndipo chachikulu ndi ichi: ukalowetsa kachipangizo n'kukachotsa mwaliwiro, kabokosi kasanalire, sipalembedwa kanthu.

Apa malamulo a masewerawa ndi ouma ngati chikonyo. Ngati kachipangizo kako kakusowa malo amodzi chifukwa unapupuluma, wachotsedwa pa mpikisano. Ngakhale anzako anakuona uli pamalopo. Ngakhale kabokosi komweko katasunga nambala yako monga umboni wakuti unakakhudza. Wathamanga makilomita 10 m'minga, miyendo yonse mikwingwirima yokhayokha, koma dzina lako lili pansi pa mndandanda, lopanda nthawi.

Funso limene landisowetsa tulo ndi limeneli. Makina akati sunafike, iwe ukudziwa kuti unafika, chilungamo chili kuti?

Mtima umafulumira kuyankha kuti munthu ndiye wolondola, makina ndi chitsulo chabe. Koma tisathamange. Tiyeni tikumbukire kaye chimene chinatipangitsa kufuna makina.

Amene munachitapo mipikisano ya masukulu mukudziwa mmene zimakhalira. Kuno ku Ching'ambo ndaonapo ana akuthamanga pabwalo lafumbi, aphunzitsi atatu ataima pamzere ndi mafoni, aliyense akutulutsa nthawi yakeyake, ndipo pomaliza imene imalembedwa ndi ya amene ali ndi mawu aakulu. Sikuti aphunzitsiwo ndi achinyengo. Thupi la munthu ndi lochedwa basi. Diso liona, ubongo umva, chala chidina, ndipo pakati ponsepo nthawi ikuyenda. Akatswiri a zothamanga amawerengera kuti pa mamita 100 nthawi yotengedwa ndi dzanja imakhala yofupika ndi masekondi pafupifupi 0.24 poyerekeza ndi ya makina. Kwa munthu wothamanga zenizeni, amenewo ndi mamita awiri ndi kanthu. N'chifukwa chake kuyambira mu 1977 bungwe loyendetsa zothamanga padziko lonse linasiya kuvomereza rekodi ya mitunda ifupiifupi ngati sinatengedwe ndi makina.

Zimenezi zikutikhudza. Mtsikana atha kuuluka pa Mzuzu Stadium, tonse n'kuona kuti apa pali liwiro, koma ngati nthawi yake yatengedwa ndi chala, kunja kuno imangokhala nkhani ya m'maluwa. Asimenye Simwaka atathamanga mamita 100 m'masekondi 11.68 ku Olympics ya ku Tokyo mu 2021, palibe amene akanatsutsa kuti ndi rekodi ya dziko lino, chifukwa anayeza ndi makina amene anayezanso wina aliyense. Makina amapatsa mwana wa wosauka chinthu chimene anthu amam'mana kawirikawiri: nambala imene sidalira kuti akudziwana ndi ndani.

Ndipo ife Amalawi tili ndi chifukwa china chokayikira dzanja la munthu. Tonse tikukumbuka Tipp-Ex wa pa chisankho cha pa 21 Meyi 2019, ndi chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020, pamene oweruza asanu anafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti. Munthu akati "tiyeni tingogwiritsa ntchito nzeru zathu, malamulo tiwaike pambali kaye", timadziwa kumene nzeruzo zimakathera. Chifundo chopanda lamulo nthawi zambiri chimagwera wachibale. Choncho sindikulemba kuti tibwerere m'mbuyo. Makina tikuwafuna.

Vuto langa lili pa mpando umene tawapatsa. Pabwalo la milandu, kaya kwa amfumu kaya kukhothi, pali mboni ndipo pali woweruza. Mboni imanena zimene inaona. Woweruza amamva mboni, n'kuganizira ngati inaima pabwino, ngati kunali kowala, ngati pali ina yotsutsa, kenako n'kugamula. Makina ndi mboni. Ndi mboni yabwino kwambiri, yosalandira chiphuphu, yosatopa, yopanda mlamu. Komabe ndi mboni. Kabokosi kam'tchire kaja sikanena kuti "munthuyu sanafike". Kamangonena kuti "ine sindinalembe kanthu". Ziganizo ziwirizi n'zosiyana, ndipo pakati pake ndi pamene anthu amagwera.

Pali zinthu zitatu zimene timazisokoneza: zimene zinachitika, zimene zinalembedwa, ndi zimene tagamula. Tsiku labwino zitatuzi zimagwirizana mpaka timaiwala kuti ndi zitatu. Tsiku loipa zimapatukana, ndiye pamafunika munthu wodziwa kuti mboni yake imaona mpaka pati.

Osambira anaphunzira zimenezi mowawa. Ku Olympics ya ku Munich mu 1972, pa mpikisano wa mamita 400, Gunnar Larsson wa ku Sweden ndi Tim McKee wa ku America anafika onse pa 4:31.98. Akuluakulu anafunsa makina kuti apite mozama, ndipo anapeza 4:31.981 kwa Larsson, 4:31.983 kwa McKee. Golide anapita ku Sweden chifukwa cha magawo awiri mwa magawo 1,000 a sekondi. Tawerengerani nokha: pa liwiro lawolo, nthawi imeneyo munthu amasambira mamilimita atatu okha. Kodi alipo mmisiri amene angamange dziwe la mamita 50, mizere yake yonse n'kukhala yofanana mpaka pa mamilimita atatu, chikhalirecho osambirawo amalidutsa kasanu ndi katatu? Wotchi inali yolondola, koma inkayeza mozama kuposa mmene simenti ingathere. Mwina amene anapambana tsiku limenelo ndi khoma. Pambuyo pake malamulo a zosambira anasintha: akafanana mpaka pa magawo 100 a sekondi, afanana basi. N'chifukwa chake ku Rio de Janeiro mu 2016 Simone Manuel ndi Penny Oleksiak analandira golide onse awiri pa 52.70, ndipo Michael Phelps, Chad le Clos ndi László Cseh anagawana siliva atatu pa 51.14. Kumeneko ndiye kudzichepetsa kumene ndikunena: kuvomera kuti kuyambira apa mboni yathu sikuonanso bwino, ndiye tisanamizire kuti tikudziwa.

Nkhani ina ndi ya Devon Allen. Mu Julayi 2022, pa mpikisano wa padziko lonse ku Eugene, anachotsedwa mu fainolo ya mamita 110 odumpha zotchinga chifukwa chonyamuka msanga. Koma sananyamuke mfuti isanalire. Ananyamuka italira kale, patapita masekondi 0.099. Lamulo limati munthu sangamve mfuti n'kusuntha pasanathe masekondi 0.100, ndiye wochita zimenezo ndiye kuti anangolota. Makina sananame, anayeza bwinobwino. Amene anaika malire pa 0.100 ndi anthu, atakhala pamsonkhano. Apa mpamene ndimaona kuti mawu akuti "makina agamula" ndi bodza laulemu. Makina sagamula. Kumbuyo kwa nambala iliyonse kuli munthu amene anasankha kuti nambalayo itanthauze chiyani, kungoti munthuyo sitimuona, ndipo sitingamufunse.

Tsono tibwerere kutchire kuja, chifukwa nditawerenga malamulo a orienteering modekha ndinapezamo nzeru imene ukali wake umabisa. Pambali pa kabokosi ka batire amapachikapobe kachida kakale ka tisingano kaja. Ukafika n'kupeza kabokosi kafa, sikakulira, sikakuthwanima, umabowola pamapu ako n'kumapita, ndipo pomaliza timabowo timeneto timalandiridwa ngati umboni. Khadi ya Emit nayo ili ndi kapepala kumbuyo kamene kamabowoka nthawi yomweyo pamene makina akulemba. Anthu amene amadalira makina kwambiri ndi omwenso anakonzeratu za tsiku limene makinawo adzafe.

Onaninso kuti lamulo lawo likusiyanitsa zolakwa ziwiri. Likakhala vuto la makina, wothamanga salangidwa, bola wagwiritsa ntchito njira yachiwiri. Likakhala vuto la wothamanga, kupupuluma osadikira kulira, mlandu ndi wake. Ndipo zonsezi zimadziwika mpikisano usanayambe. Chifundo chawo n'cholembedwa, n'cha aliyense, sichidikira kuti tione kaye amene wagwa m'mavuto ndi mwana wa yani.

Wina anena kuti mapanga awiri avumbwitsa, njira ziwiri zimangotsegula khomo la chinyengo. Nkhawayo ndi yomveka. Koma mwambiwo umanena za munthu amene sakudziwa phanga loti athawireko, akungothamangira uku ndi uku mvula ikumukwapula. Apa dongosolo lilipo: loyamba ndi ili, likagwa lachiwiri ndi ilo. Ndipo njira yachiwiri iyenera kusiya chipsera chooneka. Kumbukirani kuti mu 2020 khothi linatha kuona chimene chinachitika chifukwa mapepala analipo, Tipp-Ex akuonekera poyera. Ngakhale lamulo lakale la mawotchi a pamanja linali ndi nzeru yomweyi: otenga nthawi ya wopambana amakhala atatu, awiri akagwirizana imeneyo ndiyo nthawi, onse akasiyana mumatenga yapakati. Lamulo limenelo linamangidwa povomereza kuti munthu amaphonya. Titabweretsa makina, ambiri tinaiwala kuvomereza zomwezo za makinawo.

Nanga uja wopupuluma, amene kabokosi kakudziwa kuti anafika koma achotsedwabe? Ine ndikuti m'masewera n'zovomerezeka, ngakhale zikuwawa. Analowa mwakufuna kwake, malamulo akuwadziwa. Kudikira kuti kabokosi kalire ndi mbali ya mpikisanowo, ndipo mnzake amene anadikira anataya sekondi imene iyeyu anafuna kuipulumutsa. Kumukhululukira n'kulanga wosamala. Komanso chimene wataya ndi dzina pamndandanda. Loweruka likubwerali kuli mpikisano wina.

Chimene chimandiopsa n'chakuti ukali wa m'masewerawu tautengera kumoyo weniweni, koma kachida ka tisingano tinakasiya kutchire.

Chaka chatha ndinaperekeza azakhali anga ku ofesi ina kumene amayenera kutsimikizira kuti ndi iwo asanalandire ndalama zawo. Pakauntala panali kamakina kowerenga zala. Anaika chala chachikulu, kanakana. Cha mkombaphala, kanakana. Anapukuta pachitenje, anauzira mpweya, anayesa dzanja lina. Zala za azakhali zagwira khasu ndi kuchapa zaka zoposa 50, mizere yake inafufutika. Mnyamata wa pakauntalayo, wa msinkhu wangawu, waulemu ndithu, anati, "Amayi, pepani, sisitimu ikukana. Mubwerenso mawa." Azakhali anamuonetsa chiphaso n'kunena kuti, "Mwana wanga, tayang'ana chithunzichi, undiyang'anenso ine. Si ine ndemwe?" Iye anati, "Ndikuona ndinu, amayi, koma palibe chimene ndingachite." Tinabwerera ku Ching'ambo, ndalama ya sacramento yopita ndi yobwera itapita pachabe. Ndipo mawa lakelo zala zinali zomwezo.

Taonani kusiyana kwake. Azakhali sanalembetse mpikisano uliwonse. Sanapupulume. Vuto linali la makina amene anapangidwa poganizira zala zosalala za anthu a m'maofesi, koma chilango chinagwera iwo. Ntchito imene inawalera, ndiponso imene inatilipirira ena a ife sukulu, ndi yomwe inawafufuta pamaso pa kompyuta. Mnyamata uja anali mboni yachiwiri, maso ake anaona, pakamwa pake panavomera, koma dongosolo silinamupatse poti abowole. Ndipo amene amagwa m'dzenje limeneli si anthu wamba osankhidwa mwangozi. Ndi okalamba, alimi, a kumudzi kumene netiweki imagwira pachulu pokha, amene alibe wachibale woti aimbire foni. Makina alibe tsankho mumtima, zoona, koma kulephera kwake kuli ndi adiresi.

Mnyamatayo sindikumuda. Mwina akanachita mwanzeru zake akanachotsedwa ntchito. Koma mawu akuti "sisitimu ikukana" ndimawaopa chifukwa ndi okoma kwa wowanena. Amachotsa munthu pamlandu. Sindine ndakukanizani, ndi ichi. Ndipo ichocho sichingachite manyazi, sichingapepese, sichingaitanidwe kubwalo. Kale wokukaniza unkamudziwa nkhope, unkatha kukamunenera kwa akuluakulu. Lero mlandu ulipo, wolakwiridwa alipo, koma wolakwa kulibe.

Ndikulemba izi kwa inu anzanga chifukwa mipando imeneyi ndi yathu. Ndife amene tikuphunzira za makompyuta ku Mzuni ndi kwina, ndife tikufunsira ntchito za pakauntala, m'mabanki, m'zipatala, m'mabungwe ogawa thandizo. Ena mwa inu mudzalemba mapulogalamu amene adzanene kuti uyu alipo, uyu kulibe. Ena mudzakhala pamsonkhano umene udzaike 0.100 wina wake. Tsiku limenelo mudzafunse mafunso amene kalabu yaing'ono ya othamanga m'tchire imafunsa isanatulutse munthu ndi mmodzi yemwe. Chida ichi chikafa, munthu adzasiya chizindikiro chake pati? Tidzasiyanitsa bwanji kulephera kwa chida ndi kulakwa kwa munthu? Ndani, dzina lake ndi ofesi yake, amene ali ndi mphamvu yoyang'ana umboni wina n'kusaina kuti mayi awa ndi iwodi, ndipo siginecha yakeyo adzaiona ndani?

Mafunsowa ali ndi mtengo wake. Njira yachiwiri imadya nthawi, imafuna mapepala, imafuna wina woyang'anira woyang'anirayo, ndipo tsiku lina wina adzaigwiritsa ntchito kuba. Zimenezo sindikukana. Koma dongosolo lopanda njira yachiwiri nalonso limaba, kungoti limabera anthu amene sadziwa kokadandaula, ndipo zimene labazo sizilembedwa paliponse. Kusankha kwathu si pakati pa dongosolo lolakwitsa ndi losalakwitsa. Tikusankha amene adzasenze kulakwitsako.

Kukonza kwake si kwa mabiliyoni. Ndi kaundula wa pepala m'dirowa, wokhala ndi manambala a masamba kuti asang'ambidwe. Ndi mzere umodzi m'buku la malamulo a ntchito wonena chochita zala zikakana katatu. Ndi nambala ya foni ya bwana amene amayankhadi. Kachida ka tisingano kaja n'kotchipa kuposa batire ya kabokosi, koma kamapachikidwa mpikisano usanayambe, osati wothamanga atafika kale ali kakasi.